Mutu Umene Ndimameta

Magetsi athima kuyambira m'mawa.
Makina anga ali lende pa msomali,
ndiye lero muno mulibe wometedwa,
muli pakamwa pokhapokha.

Nkhani ndi ya Yotamu Chulu.
Zaka zisanu ndi chimodzi osavala magolovesi,
akuti abwerera m'zingwe mu Okutobala,
ndipo Matero yense wasanduka manijala wake.

A Sakala, owotcherera mageti kuseri kwa msika,
akuti: "Ayambe ndi Gwaza wa ku Kabwe.
Uja ndi thumba la chimanga chofumbwa,
ukalimenya limangotulutsa fumbi.
Maraundi atatu, thukuta pang'ono, ndalama m'thumba.
Wodwala akachira amayamba ndi phala."

Kondakitala wa basi za ku Lilanda
wadzambatuka pa benchi ngati waona wapolisi:
"Phala? Chulu n'kukhala wa phala?
Ife tilipire pachipata
kukaonera madala awiri
akukumbatirana ngati pamaliro?
Apite kwa mnyamata wa ku Kitwe,
Kasonde, wosagonjapo uja.
Mpeni suyesedwa pa nthochi."

Phwete lonse.
Wina wamenya malata a khoma mpaka kalilole wapendekeka.
Mai Nyirongo, owotcha chinangwa pakhomo,
alowetsa mutu wokha:
"Kasonde anabadwa chaka chimene Chulu anatenga lamba woyamba.
Werengani nokha, ine chinangwa chipserera."

Palibe wawerenga.
Ayamba kubetcha: uyu nkhuku, uyu botolo,
uyu foni yosweka galasi.
Kenaka maso onse kwa ine:
"Nanga iwe wometa, wakhaliranji duu?"

Ndinene chiyani?
Mutu umenewo ndaumeta kuyambira ulibe imvi.
Ndimaudziwa ngati njira ya kwathu usiku:
chipsera pamwamba pa diso lamanzere,
chotupa kuseri kwa khutu chimene sichinaphwe,
kadzenje pa liwombo kamene makina amadumpha.

Lachiwiri lapitali anakhala pampando uwu.
Anafunsa za mwana wanga Tionenji.
Ndinati ali ku Chipata, akuphunzira unamwino.
Ndisanamalize mbali imodzi anafunsanso.
Ndinayankhanso,
mawu omwewo, ngati ndikuyamba kumene.
Polipira, kapepala ka makwacha kaja
kankanjenjemera m'dzanja lamanja lija,
dzanja limene linkagonetsa amuna chagada,
ngati tsamba louma pa mphepo ya Ogasiti.

Ndikumupukuta m'khosi anandiuza yekha.
Gwaza akubwera ndi lendi ya miyezi itatu.
Kasonde akubwera ndi malata
a nyumba ya ku Chazanga
imene yaima pa mawindo chaka chachinayi,
udzu ukumera m'chipinda chogona,
ndiponso fizi ya mapasa.
"Sindikusankha munthu, mphwanga," anatero,
akudziyang'ana nthawi yaitali pa kalilole.
"Ndikusankha denga."

Izi sindinawauze.
Zimene wometa wamva
zimapita kudzala limodzi ndi tsitsi.
Ndinangoti: "Onse awiri ali ndi manja,"
iwo n'kundinena kuti ndine wamantha,
wometa mbali zonse.

Cha m'ma folo magetsi aphethira, abwera.
Wailesi yadzuka pakati pa chiganizo:
wasaina, ndi Kasonde, maraundi khumi.
Kondakitala wavina mpaka panja,
a Sakala atukwana chapansipansi, akufufuza chipewa,
Mai Nyirongo atembenuza chinangwa osatukula maso.

Kondakitala wabwerera, wadziponya pampando:
"Ndimete mpala, ya Chulu yeniyeni,
pa tsikulo ndikakhale kutsogolo,
thukuta lake lizindigwera."

Ndamumanga nsalu m'khosi.
Mutu wake ndi wosalala, wopanda mbiri,
palibe pamene pakufunika kudumpha.
Ndatsitsa makina pa msomali, ndayatsa.
Akunjenjemera m'dzanja langa.
Amatero masiku onse, ndi ntchito yake,
koma lero ndazimitsa kaye,
ndati ndikufuna mafuta.